Mphesa Zowola za Apongozi

Kwathu ndi kwa Kalembo, ku Balaka, koma ndinakwatira ku Nayuchi, ndipo monga mwa mwambo ndinapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Ndinafika ndi chikwama chimodzi, khasu, ndi mbiri yoti ndine munthu wolimbikira ntchito. Mbiri imeneyo ndinkainyadira mopitirira muyeso, ndipo ndi imene inandipalamulitsa chaka choyamba chomwecho.

Mudziwo uli pakati pa madambo, njanji ikudutsa chakumunsi kwa minda. Sitima ya malasha ikamapita kumalire, mbale zinkachita kulira pa thandala. Mwini wa malo onse amene ndinkalima anali apongozi anga aakazi, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene amuna awo anamwalira kalekale. Anabadwira tsidya linalo, kumapiri a ku Mozambique, ndipo anabwera kuno ali mtsikana pamodzi ndi makolo awo. Chichewa ankalankhula bwinobwino, koma akapsa mtima kapena akamaitana nkhuku zawo madzulo, Chilomwe chinkatuluka chokha.

Kuseli kwa nyumba yawo kunali mipesa isanu ndi iwiri, yoyanga pa chisanja cha nsungwi. Ine mphesa ndinkangozimva m'tchalitchi powerenga Mawu, ndiye nditaziona koyamba ndinakhumudwa pang'ono. Tinali tizipatso tobiriwira, tosaposa masau a kwathu. Mitengoyo anabwera nayo ndi bambo awo a apongozi, amene kumapiriko ankagwira ntchito ya m'munda kwa azungu. Pochoka anadula timitengo, n'kutikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kuyenda nato wapansi mpaka kuno.

Ndinene pano chimene panthawiyo sindinkachidziwa. Nkhalamba ija kumapiriko inkapanga vinyo wamtundu wina, wotsekemera ngati uchi, wochokera ku mphesa zogwidwa ndi chuku. Si chuku chilichonse ayi. Chimafuna chifunga m'mawa kuti chimere, kenako dzuwa masana kuti chiume. Zikatero chimaboola khungu la mphesa, madzi n'kumachoka pang'onopang'ono, shuga n'kutsalira m'kati. Koma kunja kukangonyowa masiku angapo osaleka, chuku chomwecho chimasanduka choipa, mphesa n'kuphulika, n'kuyamba kununkha. Nkhalambayo inamwalira isanapangeko vinyo ameneyu ku Nayuchi ngakhale kamodzi. Inangosiya mitengo ndi malangizo. Apongozi anga anali atadikira zaka zambirimbiri, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi basi, kuti vinyo wa bambo awo amupange kamodzi kokha asanafe.

Palibe anandiuza zimenezi, ndipo sindikuimba mlandu munthu. Apongozi anali a mwambo wakale. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, sadya nawo pamodzi, sacheza nawo. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'tchire, iwo n'kutembenuzira nkhope kumbali, moni n'kupatsana ngati tikulonjera mitengo. Uthenga uliwonse unkadzera mwa mkazi wanga. Iye anandiuza za malire a munda, za mbuzi imene imatafuna zovala pachingwe, za chitsime chimene madzi ake ndi amchere. Za mphesa anaiwala, chifukwa kwa iye inali nkhani yoti aliyense amabadwa akuidziwa.

Komanso ine ndi chuku tinali pa udani wakale. Ndisanakwatire ndinkagwira maganyu osankha mtedza kwa ogula mbewu ku Balaka, tsiku lonse chowerama pa lona, kuchotsa njere zachuku. Alangizi anatiphunzitsa kuti chuku ndi poizoni, chimawononga chiwindi, ndipo sichitha ngakhale ukazinge mtedzawo. Zimenezo n'zoona, mpaka lero mtedza wachuku sulowa m'nyumba mwanga. Maso anga anazolowera moti ndinkatha kuona njere yoipa ndili chiimire.

Chaka chimenecho, mwezi wa Julayi, kunagwa maliro kwa achibale ku Ntaja. Apongozi ndi mkazi wanga anakwera kabaza m'mawa, ine n'kutsala ndi pakhomo. Anandisiyira mawu awiri okha: mbuzi zimwe madzi, ndiponso neti ya udzudzu imene anafunditsa mphesa isang'ambike, poopa apumbwa.

Tsiku lachiwiri ndinapita kukaona netiyo. Nditasuzumira m'kati ndinamva chisoni. Mphesa zija zinali zitasintha mtundu, zina zofiirira, zina zokwinyika ngati khungu la pachigongono, zitakutidwa ndi kaubweya kotuwa. Ndinati mayi ameneyu maso ayamba kumuvuta, mbewu yake ikuwola iye osaona. Ndinaganizanso, ndisabise, kuti mwayi woonetsa kuti pakhomo pabwera mwamuna ndi umenewu.

Ndinatenga sizasi ya mkazi wanga ndi beseni, n'kugwira ntchito ya masiku awiri. Ndinaigwira bwino, palibe angatsutse. Tsango lililonse ndinaliyang'ana m'kati ndi kunja, mphesa yachuku n'kuibudula, yabwino n'kuisiya. Zala zinkamatana, mavu akundizungulira, ndipo kafungo kake kanali kokoma modabwitsa, koma ine ndinali nditaphunzitsidwa kuti fungo limanama. Mbuzi sindinazipatse, poopa kuti zingafe. Ndinakumba dzenje kuseli kwa khola, n'kukhuthuliramo mabeseni atatu, n'kukwirira, n'kupondaponda. Pachisanja panatsala timatsango taukhondo, tobiriwira, ta mipatamipata.

Anabwera tsiku lachinayi dzuwa litapendeka. Apongozi sanalowe n'komwe m'nyumba. Anangotsika pa kabaza n'kulunjika kuseli, fumbi la panjira lili kumapazi. Ine ndinakhala pakhonde panga, miyendo chotambasula, kudikira uthenga woyamikira. Kuseliko kunali zii. Patapita nthawi mkazi wanga anatulukira akuyenda mofulumira.

“Inu, mphesa zija mwatani nazo?”

“Ndazisankha. Zinachita chuku.”

“Zachukuzo zili kuti?”

“Ndakwirira.”

Anagwira m'mutu. “Mayo ine! Mwakwirira? Abambo inu, anakutumani ndani?”

“Kodi kuchotsa zowola munthu amachita kutumidwa?”

“Iyayi, apa ndiye mwachita zazikulu. Zowolazo ndi zimene amayi akhala akudikira chibadwire changa ine.”

Anandifotokozera zonse ali chiimire pomwepo. Ndinatsutsako pang'ono, monga amachitira munthu amene wadziwa kale kuti walakwa. Ndinatchula alangizi, ndinatchula chiwindi. Mkazi wanga anangondifunsa ngati alangiziwo anaonapo mpesa.

Apongozi anafunsa pamene panali dzenje. Anatenga kakhasu kawo n'kufukula okha, ine ndikuona chapatali. Anatapa phala la mphesa losakanikirana ndi dothi, n'kulinunkhiza, n'kulibwezera, n'kukwiriranso. Anakhala pansi pambali pa khola mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Sanalire, sanakuwe. Uthenga umene unabwera unali woti akamwini asadandaule, ntchito agwira yaukhondo kwambiri. Ndikanakonda akananditukwana m'Chilomwe, kapena kunditayira chikwama changa panja. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso pena paliponse.

Kutacha ndinatumiza nkhuku yopepesera. Anailandira, ndipo yankho linali loti chaka chamawa mitengoyo adzadulire ndi akamwini omwewo, popeza sizasi amaidziwa. Sindinadziwe ngati chinali chilango kapena kundikhululukira, ndipo mkazi wanga anati ndisafunse.

Kudulira kunkachitika mvula ikamatha, chakumapeto kwa Malichi, kuti mphesa zidzapse m'nyengo yozizira, osati m'dzinja pamene zimangowola chiwolere. Poyamba mkazi wanga ankaima pakati pathu n'kumabwereza mawu, koma anali ndi ntchito zake, ndipo posakhalitsa anali ndi mwana kumsana. Apongozi anapeza njira ina. Ankayala mkeka kuseli kwa mpanda, nkhope itayang'ana kwina, n'kumalankhula ndi mtengo.

“Iwe mpesa, uwauze akamwini adule pamwamba pa diso lachiwiri.”

Ine n'kuyankha kuti, “Mpesa, uwauze amayi kuti nthambi iyi yauma kale.”

“Auze aikande ndi chikhadabo, aone ngati yaumadi.”

Ndinkaikanda n'kupeza m'kati mobiriwira. Zaka zisanu ndi chimodzi tinacheza choncho. Kudzera mwa mitengo ija ndinaphunzira kuthothola masamba a mbali ya kum'mawa kuti dzuwa lizifika msanga pa matsango, kusathirira mphesa zikayamba kufewa, ndi kusiyanitsa chuku chabwino ndi choipa pogwiritsa ntchito mphuno. Chabwino chimanunkhira uchi, choipa chimanunkha viniga. Nthawi zina mpesa unkauzidwanso kuti akamwini amange bwino khola la mbuzi, kapena kuti achepetse kukuwa akamakangana ndi mkazi wawo.

Zaka zimenezo zinandionetsa kuti chaka chimene ndinawononga chija sichinali chaka wamba. Chotsatira chake chifunga sichinabwere. Kunkacha koyera, mphepo youma, mphesa n'kupsa bwinobwino popanda kachuku n'komwe. Tinafinya vinyo wamba, wowawasa pang'ono, amene anansi anamwa pa Khirisimasi n'kuyamikira. Apongozi sanamulawe. Chaka china chuku chinayamba bwino, ife n'kumayenda monyang'ama kuseli kuja, kenako chiperoni chinatsika kuchokera ku Mozambique, kamvula kowaza kosaleka masiku anayi. Pofika tsiku lachitatu matsango anali akudontha madzi akuda, tintchentche tili piringupiringu, fungo likufika mpaka kuchitsime. Chaka chimenecho sitinapeze kanthu ngakhale kolawa. China chinatha ndi mavu, china ndi dzuwa.

Vuto la ntchitoyi ndi limenelo. Ukathyola msanga umapeza vinyo wambiri, koma wamba. Ukadikira ukhoza kupeza wotsekemera uja, wochepa kwambiri chifukwa mphesa yofota ilibe madzi, kapena osapeza chilichonse. Mkazi wanga anali wa mbali yothyola msanga. Ankati mphesa zakupsa akanatha kupita nazo kusiteshoni anthu n'kumalimbirana, osati kumaziyang'anira zikuwola ngati anthu osokonekera mitu. Ankanena zoona, ndipo tikakhala awiri ndinkamuvomera. Ndikafika kuseli ndinkapezeka ndili mbali ya apongozi. Sindinganene kuti za vinyoyo ndinkazikhulupirira kwenikweni, popeza palibe wa m'mudzimo anamuonapo. Koma kuseli kwa khola kunali malo amene sindinkatha kudutsa osayang'anapo.

Apongozi anayamba kufooka. Miyendo inkatupa, kumunda anasiya, kenako ngakhale kutchalitchi tinkachita kuwakweza panjinga. Kuchipatala anati ndi mtima. Podulira chaka chachisanu anangolankhula ndi mpesa kawiri, n'kugona tulo pamkeka pomwepo. Tonse tinkaona kuti zaka zodikira zatsala zochepa, koma pakhomo pathu nkhani zotere sizinenedwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi madambo anadzadza kwambiri m'dzinja, ndipo pofika Juni chifunga chinkadzuka tsiku lililonse. M'mawa sitima inkangomveka kulira osaoneka. Dzuwa likakwera pang'ono kunkayera, n'kuwala mpaka madzulo. Chapakati pa Julayi ndinaona timadontho tofiirira pa mphesa za mtengo wa kumapeto. Ndinabudula imodzi, n'kuiika pa tsamba, n'kuisiya m'mphepete mwa mkeka. Apongozi anaitola, n'kuinunkhiza, n'kuiphwanya ndi zala.

“Mpesa, uwauze akamwini kuti chabwera. Khasu lokumbira maenje alibise kutali.”

Kukolola kwake n'kotopetsa. Chuku sichigwira tsango lonse tsiku limodzi, ndiye umayenda maulendo angapo, kusankha zofota zokhazokha, zina n'kuzisiya kuti zidikire. Inali ntchito yomwe ija ya pa lona ku Balaka, kungoti tsopano zimene maso anga ankadana nazo ndi zimene ndinkaika m'beseni. Maulendo awiri oyamba sindinadzadze ngakhale theka la ndowa. Zambiri zinali zisanafote, zinkafunika masiku ena anayi kapena asanu.

Ndiye mphepo inatembenuka. Inayamba kuwomba yozizira kuchokera tsidya, mitambo yotuwa itaunjikana kumapiri. Amalonda odutsa pamalire anati kwawoko kwayamba kale kuwaza. Mkazi wanga anapita kwa mayi ake, ine ndili kuseli kwa mpanda ndikumva zonse.

“Amayi, chiperoni chili panjira. Tithyole zonse lero, tisakanize ndi zofotazo.”

“Iyayi.”

“Tikasakaniza adzatsekemerabe pang'ono.”

“Wa pang'ono sindikumufuna. Wa pang'ono ndikanapanga kalekale.”

“Nanga zikawola zonse ngati chaka chija?”

“Ziwole. Ndi zanga.”

“Amayi, kodi chaka chamawa mukuchidziwa inu?”

Apongozi anati, “N'chifukwa chaketu sindikufuna wa pang'ono.”

Mkazi wanga anatuluka maso atafiira. Atandiona anati ine ndi mayi ake mitu yathu anaumba ndi dothi limodzi, ndipo zikawola ndisayerekeze kumudandaulira. Ndinali ndi mantha ngati iye, mwinanso kuposa. Kuthyola mobisa ndikanatha, koma za kuchita zinthu ndekha pa mitengo ija ndinali nditalapa. Ndinakwera pa denga la khitchini yathu, n'kusasula udzu, n'kuchotsa pulasitiki wa pansi pake. Ndinamufunditsa pamwamba pa chisanja, m'mbali n'kusiya poyera kuti mphepo izipita. Sanakwanire mitengo yonse. Masiku amenewo mkazi wanga anaphika madzi akumudonthera pamsana, ndipo mawu amene ananena sindingawalembe pano.

Chiperoni chinawaza masiku awiri ndi theka. Ndinkangopita kukasuzumira, n'kubwerera, n'kupitanso, ngati kuyang'ana kungaumitse tsamba. Apongozi sanatuluke m'nyumba ndipo sanafunse kanthu. Dzuwa litabwerera, mitengo inayi ya mbali ya mphepo inali itatheratu, matsango ali lende, akuda, onunkha. Itatu ya pafupi ndi khoma inapulumuka, ngakhale kuti namonso munali zophulika. Tinadikira masiku ena atatu a dzuwa, kenako ndinathyola zonse, mphesa iliyonse kuifikitsa kumphuno ndisanaiponye m'ndowa. Pamodzi ndi zoyamba zija zinadzadza ndowa imodzi, n'kutsalako pang'ono.

Apongozi anakana chigubu cha pulasitiki, anati bambo awo ankagwiritsa ntchito galasi. Ndinapalasa njinga mpaka ku Ntaja, kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa ziwiya zakale pafupi ndi msika, ndipo anali nalo botolo lalikulu la pakamwa pang'ono.

“Mukathiramo chiyani, achimwene?”

“Madzi a zipatso.”

“Omwa lero kapena okhalitsa?”

Ndinayang'ana pansi. Iwo anaseka n'kukweza dzanja. “Basi, musandiuze, lero ndi Lachisanu. Sikomo, muyende bwino.” Anandikulungira botololo m'makatoni kuti lisasweke panjira.

Kufinya kunatenga tsiku lonse. Mphesa zofota zimaumira madzi ake. Tinaziika m'chiguduli chochapa bwino, n'kumachipota ndi ndodo ziwiri, ine mbali ino, mkazi wanga mbali inayo. Zimene zinkatuluka sizinali kuyenderera koma kudontha, zolemera ngati manyuchi, zofiirira. M'botolo muja sizinafike n'komwe pakati. Kukamwa kwake tinavekako baluni yoboola ndi singano, ndipo apongozi analamula kuti likaikidwe kuchipinda kwawo, pakona yamdima.

Vinyo wamba amawira sabata ziwiri n'kuleka. Uyu, chifukwa cha kuchuluka kwa shuga, ankawira mwaulesi, kathovu kamodzi lero, kena mawa. Ogasiti anatha, Sepitembala anatha, baluni ili chiimire. Kutentha kwa Okutobala kutafika apongozi anadwalika, mpweya unkawavuta, ndipo anakagonekedwa kuchipatala masabata awiri. Mkazi wanga, amene ankawadikirira, anandiimbira foni kuti nditapeko pang'ono ndibwere naye, alaweko basi, chifukwa za mawa sizidziwika. Ndinali nditagwira kale botolo pamene anaimbanso. Anati amayi akuti wosapsa sakumufuna, ndipo amene atsegule botolo lawo adzayankha yekha. Ndinalibwezera pakona. Mtima unali m'mwamba masiku onse amenewo, ndipo ndinkawakwiyira mayi aja chifukwa cha liuma lawo, ngakhale kuti ndinkawamvetsa.

Anabwerako ataonda, akuyenda chogwirizidwa. Baluni inagona kumayambiriro kwa Disembala, mvula yoyamba itagwa kale. Tinadikira sabata ina kuti zotsalira zikhazikike pansi, kenako Lamulungu lina titachoka kutchalitchi tinasefa. Mkazi wanga anawiritsa nsalu yoyera, n'kuigwira pakamwa pa jagi, ine n'kumapendeketsa botolo pang'onopang'ono. Vinyoyo anali wachikasu chakuya, wowala, wolemera pothira. Anakwana timabotolo titatu tating'ono. Zaka zonse zija, mitengo isanu ndi iwiri, timabotolo titatu.

Apongozi anali pakhonde, atatsamira khoma, miyendo itafunda chitenje. Mkazi wanga anawathirira m'tambula yagalasi imene inkangotulukira alendo, n'kugwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ine ndinaima kuseli kwa mpanda ndi kakapu kanga. Ndinalawa ndisanaone nkhope yawo, ndipo ndinadabwa. Anali wotsekemera kwambiri koma wosakola, ndipo pambuyo pake pankabwera kukoma kwina ngati kwa mango owumitsa padzuwa, kokhalitsa pakhosi. Chinthu chotero ndinali ndisanachiikepo m'kamwa. Ndinakondwa, ndipo ndinakumbukira mabeseni atatu aja n'kumvanso kuwawa kwake.

Ndinasuzumira pa mpata wa mpanda. Anamwa pang'ono, n'kusunga m'kamwa, n'kumeza. Anamwanso. Nkhope sinasinthe.

“Amayi, ali bwanji?” anafunsa mkazi wanga.

“Ndi wokoma.”

“Koma ndi yemwe uja wa agogo?”

Anayang'ana m'tambulamo nthawi yaitali. “Sindikudziwa.”

Ndinagwa mphwayi. Ndinayamba kuwerengera m'mutu pamene ndinalakwitsa: kapena chiperoni chija, kapena zophulika zina zinandipulumuka, kapena kutentha kwa m'chipinda. Mkazi wanga anandiyang'ana kudzera pampanda.

Kenako apongozi anafunsa kuti, “Nsalu yosefera ija ili kuti?”

“Ili m'beseni, amayi. Ndichapa posachedwa.”

“Wathiramo madzi?”

“Iyayi.”

“Bwera nayo.”

Anabwera nayo ili yonyowa, itasanduka yofiirira, timatope ta vinyo titamatirira pakati. Apongozi anaipinda, n'kuika kansonga kake m'kamwa, n'kuyamba kuyamwa ngati mwana. Anatsinzina. Patapita kanthawi misozi inayamba kutsika, iwo osaipukuta.

“Kumapiri kuja vinyo ankapita kunyumba yaikulu ya azungu,” anatero, nsalu ili m'manja. “Ife m'kapu sitinamwepo, ngakhale bambo amene. Akamaliza kusefa ankandipatsa nsalu kuti ndikachape kumtsinje. Ine ndinkayenda pang'onopang'ono.”

Anaiikanso m'kamwa, n'kugwedeza mutu.

“Ndi ameneyu.”

Tambula ija anaikankhira kwa mwana wawo, vinyo ali momwemo, nsalu n'kuigwiritsitsa ndi manja awiri. Ine ndinakhala pansi pomwe ndinaima paja, pa dothi lonyowa.